Ngozi za pa njanji mu Blantyre: udindo ndi wa ndani? Mafunso ndi mayankho

Njanji inafika mu Blantyre muno mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, ndiye kuti mzinda wathuwu wakula njanji ili kale pakati pake. Nyumba zambiri, misika, masukulu, masiteji a minibasi, zonsezi zinachita kuipeza. Kuyambira ku Limbe, kudutsa cha ku Makata, pa Wenela, ku Chirimba mpaka ku Lunzu, anthu amaidumpha tsiku ndi tsiku popita kuntchito, kuchigayo, kutchalitchi. Koma pakangochitika ngozi zokamba zake zimakhala zomwezomwezo: anali ataledzera, woyendetsa sitima ndi wouma mtima, inali nthawi yake basi. Ndasonkhanitsa mafunso omwe amabwerabwera tikamakamba nkhaniyi ndipo ndayankha mmene ndikuionera ine. Penapake ndalankhula mosapsatira chifukwa ndi nkhani ya miyoyo ya anthu.

Sitima ikagunda munthu kapena galimoto, si wolakwa ndi amene anali pa njanjiyo? Sitima sichoka mu njira yake.

Zoona sitima sikhota kukatsata munthu. Amene wayenda pakati pa njanji mahedifoni ali m'makutu, kapena dalaivala amene wadutsa osaima kaye, ali ndi mbali yake ndipo sindingamuikire kumbuyo. Koma tikangothera pamenepo ndiye kuti tafufuza theka la nkhani. Funsani kaye: pamalo pomwe munthuyo amadutsapo panali chikwangwani? Chimaoneka kapena chinabisika ndi chimanga ndi udzu? Sitima inaliza hutala? Usiku nyali yake imayaka? Kodi ndi koyamba munthu kugundidwa pamenepo, kapena anthu a m'deralo akhala akudandaula kwa zaka? Ngati mbali ino kuli nyumba, tsidya linalo kuli sukulu kapena mjigo, ndipo malo ovomerezeka odutsira ali kutali, anthu adzadutsa basi pomwe pali pafupi, ndipo aliyense woyang'anira njanji amadziwa zimenezi.

Ine ndimati udindo umakula molingana ndi mphamvu komanso zomwe munthu akudziwa. Agogo amene akuchokera kumsika dengu lili pamutu sadziwa nthawi yomwe sitima yanyamuka ku Limbe, sadziwa kulemera kwake, alibe ndalama yomangira geti. Amene amadziwa zonsezi ndipo ali ndi ndalama zake ndi kampani ndi boma. Ndiye katundu wawo ndi wamkulu kuposa wa agogo aja, olo agogowo atakhala kuti sanayang'ane bwino.

Nanga woyendetsa sitima akamuona munthu patsogolo bwanji osangoponda buleki?

Amamanga mabuleki ndithu, koma sitima siima ngati minibasi. Mawilo ake ndi achitsulo ndipo akuyenda pa chitsulo chinzake, sagwira ngati tayala pa tala. Sitima ya katundu yodzaza imatha kuyenda mtunda wopitirira kilomita imodzi mabuleki atamangidwa kale isanaime, ndipo mvula ikagwa kapena ikakhala pa mtsetse zimaposa pamenepo. Kuchoka ku Limbe kulowera ku Lunzu, Lirangwe mpaka ku Shire njanji imatsika, ndiye ganizirani mabogi odzaza feteleza kapena simenti akukankha kumbuyo. Pomwe woyendetsayo akukuonani nthawi zambiri zimakhala zitatha kale, chomwe watsala nacho ndi hutala.

China chomwe ambiri sadziwa, thupi la sitima ndi lalikulu kuposa njanji. Njanji zathu zatalikirana mamilimita 1067 okha, koma bogi imatulukira kunja mbali zonse ziwiri. Munthu amati ndapatuka, ndaima pambali pa chitsulo, koma akadali m'njira ya sitima. Komanso chinthu chachikulu chikamabwera chimaoneka ngati chikuyenda pang'onopang'ono pomwe chikuthamanga, maso amanama.

Tikamati "a njanji" kwenikweni tikunena ndani? Boma kapena kampani?

Onse awiri. Njanjiyo ndi chuma cha dziko, koma mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa kampani ya Central East African Railways, imene ambiri timangoti CEAR, likulu lake lili ku Limbe komwe kunali Malawi Railways. Pambuyo pake kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yonyamulira malasha kuchokera ku Moatize ku Mozambique, kudutsa ku Mwanza ndi Neno kukalumikiza pa Nkaya, kenako Liwonde, Nayuchi mpaka ku Nacala. Vale inagulitsa bizinesi imeneyi mu 2022 kwa kampani ya Vulcan. Sitima zazitali za malasha zija sizidutsa mu Blantyre muno, kuno kumabwera za katundu wina ndi ya anthu.

Boma kudzera ku unduna wa zamtengatenga ndi lomwe limayang'anira. Apa ndikufuna ndinene momveka: kupereka njanji kwa kampani si kupereka udindo wa miyoyo ya a Malawi. Kampani imabwera kudzapanga phindu ndipo palibe cholakwika pamenepo, koma ndi chifukwa chake payenera kukhala wina wosadya nawo phindulo woti aziyendera njanji, aziona mabuku a kukonza kwa mainjini, ndipo akhale ndi mphamvu yonena kuti sitima iyi lero sinyamuka.

Pomwe msewu wadutsana ndi njanji, geti kapena woimitsa magalimoto ndi ntchito ya ndani?

Apa ndi pomwe anthu amakonda kuponyerana. A njanji akhoza kunena kuti msewu si wawo, a msewu akhoza kunena kuti njanji si yawo, khonsolo ya mzinda nayo n'kunena kuti ndalama palibe. Koma munthu amene akufa pamenepo safa theka mbali ya msewu theka mbali ya njanji. Malo amene magalimoto achuluka, ngati misewu ya mu tauni muno yomwe m'mawa ndi madzulo pamakhala mdipiti wa minibasi ndi njinga zamoto, chikwangwani chokha sichikwanira. Pamafunika geti lotseka, magetsi, kapena munthu wa mbendera amene amakhalapo nthawi zonse sitima ikamadutsa, osati masana okha. Malo amene kale pamadutsa magalimoto ochepa pano ndi pa chigulu, ndiye chitetezo chomwe chinali chokwana zaka makumi atatu zapitazo lero chaperewera. Kuunikanso malo amenewa nthawi ndi nthawi ndi ntchito ya onse atatu pamodzi, ndipo amene waona kuti mnzake wagona asamangoti bola ine mbali yanga ndachita.

Geti lothyoka lomwe langoimikidwa m'mwamba ndi loopsa kuposa pomwe palibe geti, chifukwa dalaivala akaliona lili chotsegula amati kulibe sitima.

Ine ndine dalaivala wa minibasi, abwana amafuna tageti yawo madzulo. Kuima pa njanji paliponse si kutaya nthawi?

Achimwene, ndikudziwa kuti tageti ndi yowawa, mafuta akwera, ndipo mnzanu akakupitirirani watenga mapasenjala anu a pa siteji yotsatira. Koma kumbuyo kwanuko mwanyamula anthu amene sanavomere kuti muike moyo wawo pa juga. Kuima, kutsitsa wailesi, kuyang'ana uku ndi uku, sizitha ndi mphindi imodzi yomwe. Ndipo musalowe pa njanji ngati kutsidya kulibe malo okwana galimoto yanu yonse, chifukwa mzere ukaima inu muli pakati, kumbuyo kwatsekedwa, palibe kothawira. Galimoto ikakuzimirani pa njanji tulutsani anthu kaye onse, za kukankha muziganiza pambuyo.

Ku Blackheath, ku Cape Town, pa 25 Ogasiti 2010 dalaivala wa minibasi yonyamula ana asukulu anapitirira magalimoto omwe anaima pa mzere, n'kuzemba geti lomwe linali litatsekedwa. Sitima inawomba minibasiyo ndipo ana 10 anamwalira. Iye anapulumuka n'kukalowa kundende. Mwina anali atazembapo choncho masiku ena zinthu n'kuyenda bwino, ndipo ndi mmene chizolowezi choipa chimakulira.

Eni minibasi nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Mukaika tageti yoti munthu sangaikwanitse popanda kuthamanga, ndipo mabuleki mukuti tikonza mwezi wa mawa, mwayendetsa nawo galimotoyo olo muli kunyumba. Ndipo ife okwera, tisiye kukuwiza dalaivala kuti "tadutsani ili kutali iyo". Akafuna kuzemba tiyeni timuletse mokweza, asatiuze kuti tikumuphunzitsa ntchito.

Kafukufuku akapeza kuti wantchito wa ku njanji ndiye analakwitsa, nkhani siyathera pomwepo?

Ayi, ndipo funso ili ndi lomwe ndimafuna tikhalitsepo. Pafupifupi ngozi iliyonse ya sitima pamapezeka munthu mmodzi amene dzanja lake linali lomaliza: woyendetsa, wosintha njanji, wokonza mawaya. Kumugwira ameneyo n'kosavuta, amachotsedwa ntchito kapena kumangidwa, anthu mitima n'kukhala pansi. Koma chomwe chinamufikitsa polakwitsapo chimatsala chili pomwepo kudikira wina.

Taonani zomwe zinachitika ku Japan, dziko lomwe sitima zake zimatchuka ndi kusunga nthawi. Pa 25 Epulo 2005 ku Amagasaki, mnyamata wa zaka 23 amayendetsa sitima ya anthu ndipo anali atachedwa ndi masekondi pafupifupi 90. Analowa pokhota pomwe malire ake anali makilomita 70 pa ola akuthamanga 116, sitima inachoka pa njanji n'kukawomba nyumba ya nsanjika, anthu 107 anafa kuphatikizapo iye mwini. Kungomva choncho munthu ungati mnyamatayo anali wosasamala. Koma zinadziwika kuti pa kampanipo wolakwitsa amapatsidwa chilango chochititsa manyazi, kumuchotsa pa sitima masiku angapo azingolemba malipoti odzidzudzula ndi kuzula udzu, ndipo mnyamatayu anali atalawapo kale chilango chimenechi. Mantha ndi omwe anamuthamangitsa. Amene anakhazikitsa mantha amenewo sanali mu sitimamo tsiku limenelo.

Ku Clapham Junction mu London, pa 12 Disembala 1988 anthu 35 anafa chifukwa waya wakale wa masiginolo, magetsi ouza woyendetsa sitima kuti aime kapena apite, unasiyidwa osadulidwa bwino. Wokonzayo anali atagwira ntchito masiku 7 pa sabata kwa masabata 13 otsatizana, ndipo palibe wina anabwera kudzaona ntchito yake akamaliza monga zimayenera kukhalira. Analakwitsa inde, koma ndani analemba ndandanda ya ntchito yotero?

Kwa anansi athu ku Mozambique, ku Tenga kufupi ndi Maputo, pa 25 Meyi 2002 sitima inali itakoka mabogi a anthu pamodzi ndi a simenti. Itavutika pa chitunda, ogwira ntchito anamasula mabogi a anthu n'kuwatchinga ndi miyala kuti apititse kaye a katundu. Miyalayo sinagwire, mabogi anatsetsereka n'kukawomba a simenti aja ndipo anthu 192 anataya miyoyo. Munthu amafika bwanji potchinga mabogi odzaza anthu ndi miyala? Ndiye kuti kumbuyoko kuli nkhani ya mabuleki, ya maphunziro, ya injini yopatsidwa katundu woposa mphamvu zake. Zonsezi zimagamulidwa mu ofesi.

Sindikunena kuti wantchito asamayankhe mlandu. Wobwera kuntchito ataledzera, wogona dala, wonama kuti wayendera njanji pomwe sanapiteko, ameneyo ayankhe. Koma kafukufuku woona amakwera masitepe mpaka kwa amene anasaina bajeti.

Ndimagwira ntchito yokhudza njanji. Ndaona china chake chosalongosoka koma ndikuopa kuti ndikalankhula ntchito indithera. Nditani?

Mantha anuwo ndi omveka, ntchito ikusowa ndipo kunyumba ana akudikira inu. Komabe mwaona, ndipo amene akwere sitimayo mawa sanaone. Yambani ndi kunena kwa amene akukuyang'anirani, ndipo musangonena pakamwa, lembani. Tsiku, malo, chomwe mwaona, kaya ndi njanji yosweka, mabawuti osowa, buleki yosagwira bwino, ndipo kope ina musunge nokha. Zikapanda kusintha pitani kwa oona za chitetezo pa kampanipo kapena ku bungwe la ogwira ntchito, kenako ku ofesi ya zantchito ya boma. Mukakhala angapo mawu amalemera ndipo n'kovuta kukusalani nokha.

Malamulo ali mbali yanu. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo komanso motetezeka. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika pa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo antchito ndi otetezeka, kuphatikizapo kupereka zovala zodzitetezera. Izi zikukhudzanso umoyo wa tsiku ndi tsiku, osati ngozi zikuluzikulu zokha: phokoso la injini lomwe limagonthetsa makutu pang'onopang'ono, fumbi, utsi wa dizilo mu shedi, msana wa amene amanyamula zitsulo, ndi tulo. Munthu wosagona mokwanira amaganiza mochedwa ngati woledzera.

Kwa mabwana amene mukuwerenga: wantchito amene wakubweretserani nkhani yoipa wakuthandizani. Mukamukalipira kamodzi kokha, ena onse aphunzira kukhala chete, ndipo nkhani yotsatira mudzaimvera pa wailesi.

Amene amazula zitsulo ndi kutola miyala ya pa njanji, si umphawi ukuwachititsa?

Umphawi ulipo, sitingakane. Koma mabawuti ndi tizitsulo tomwe timagwira njanji ndi tomwe timachititsa kuti zitsulo ziwiri zija zisatayane sitima ikamadutsa. Miyala ija si yokongoletsa, imagwira njanji kuti isasunthe komanso imathandiza madzi kutsika. Ukaichotsa kukathira pa maziko a nyumba, njanji imatsala lende. Amene wazula bawuti usiku saona nkhope ya munthu amene adzavulale, mwina ndi chifukwa chake mtima sumugunda, koma mu sitima ya anthu yopita ku Balaka ndi ku Nayuchi mumakwera amayi a geni onyamula tomato ndi matumba a chimanga, anthu osauka ngati iye yemwe.

Wolakwa kwambiri kwa ine ndi wogula. Mnyamata wozulayo amalandira zochepa, koma wa sikelo amene amagula zitsulo zakutha amachidziwa bwinobwino chitsulo cha njanji akachiona. Atakana kugula, kuzulako kungathe. Chimodzimodzi womanga nyumba amene wagula wilibala ya miyala yotchipa osafunsa komwe yachokera.

Nanga mavenda ndi anthu amene anamanga pafupi ndi njanji, angowathamangitsa?

Kuthamangitsa kokha sikuthandiza, mawa lake amabwerera chifukwa makasitomala ali pomwepo. Mbali zonse za njanji kuli malo omwe amayenera kukhala opanda nyumba kapena benchi, ndipo chifukwa chake n'chomveka: bogi ikagwa siigwera pa njanji pomwepo, imagwera m'mbali. Koma anthuwa sanagwe kumwamba. Alipo anawagulitsa malowo, alipo amadula tikiti ya msika tsiku lililonse pamalo pomwe akudziwa kuti mpoopsa. Wolandira ndalama ya tikiti walandiranso udindo. Chofunika ndi kuwapezera malo ena enieni ochitira malonda, kuwauza nthawi ilipo, osati kubwera ndi zikwapu mbandakucha.

Za ana ndiye zimandiwawa kwambiri. Mwana wa zaka zisanu sangayeze liwiro la sitima. Ena amaika misomali ndi timiyala pa njanji kuti aone zikaphwanyika, ena amakwera kumbuyo kwa bogi sitima ikamayenda pang'onopang'ono, ena amakwawa pansi pa mabogi oima pothamangira kusukulu, osadziwa kuti sitima yoima imanyamuka nthawi ina iliyonse popanda chenjezo kwa amene ali pansi. Mukaona mwana akuchita zimenezi mukalipireni olo si wanu. Aphunzitsi a masukulu oyandikana ndi njanji, mafumu ndi mabuloko lida, nkhaniyi izikambidwa pa asembule ndi pa misonkhano, ndipo a kampani azibwera okha kudzaphunzitsa, asamadikire maliro.

Ngozi yachitika ine ndili pompo. Choyamba n'chiyani?

Choyamba onetsetsani kuti inuyo simukhala wovulala wachiwiri. Yang'anani ngati kukubwera sitima ina, ngati pali fungo la mafuta, ngati bogi yapendekeka moti itha kugwa. Pakakhala mafuta, fodya ndi moto uliwonse zitalikire ndipo anthu abwezedwe kutali. Tumani munthu mmodzi, momuloza, kuti aimbire apolisi ndi achipatala komanso adziwitse a njanji kuti aimitse sitima zina. Mukangokuwa kuti wina aimbe foni aliyense amayesa mnzake waimba.

Wovulala amene akutaya magazi, panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera, chitenje chimene, mwamphamvu ndipo osamasulamasula kuti muone. Ikanyowa onjezerani ina pamwamba. Amene akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, musamunyamule mwachisawawa pokhapokha ngati pomwe alipo pali moto kapena choopsa china, ndipo pomunyamula mutu, khosi ndi thupi ziyendere limodzi pa thabwa kapena chitseko. Anthu ambiri amalumala chifukwa cha mmene anawaponyera mu pikapu. Musamupatse madzi kapena chakudya olo akupempha, mwina akafika ku Queens akalowa ku fiyeta. Chiwalo chikaduka chikulungeni mu nsalu yoyera, muike mu pulasitiki, chipite naye limodzi. Mufunditseni, muzimulankhula, mufunseni dzina ndi nambala ya m'bale wake.

Ndipo chonde, mafoni. Munthu ali gone pansi magazi ali chuchuchu, anthu khumi amuzungulira aliyense akujambula, palibe wagwada kumugwira dzanja. Mphindi zochepa zithunzi zili pa WhatsApp ndi pa Facebook, mayi ake akuzindikira malaya a mwana wawo pa gulu la mpingo asanauzidwe ndi munthu. Kwathu kuno uthenga wa maliro uli ndi njira yake, amatumidwa akuluakulu, amafika n'kukhala pansi kaye. Ulemu umenewo tisautaye chifukwa chofuna kukhala woyamba kutumiza.

Bogi ya katundu ikagwa, kutolako pang'ono ndi mlandu? Zinthuzo zatayika kale.

Ndi kuba, komanso kumatsekereza opulumutsa anthu. Ikakhala ya mafuta ndiye thawani. Mu Novembala 2016 ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete, anthu anaunjikana ndi zigubu pa thanki ya galimoto ya mafuta, inaphulika ndipo anthu opitirira 70 anapsa n'kufa. Bogi ya sitima imanyamula mafuta ochuluka kuposa pamenepo.

M'bale wathu wavulala kapena wamwalira pa ngozi ya sitima. A kampani abweretsa bokosi ndi chipepeso. Ndiye kuti zatha?

Pepani kwambiri ngati mukuwerenga izi muli pa chisoni. Bokosi, thumba la ufa ndi galimoto yonyamula maliro ndi umunthu ndipo n'zoyamikika, koma chipepeso si chipukuta misozi. Musasaine pepala lililonse pa siwa, mutu usanakhazikike, makamaka lolembedwa mu Chingerezi cha maloya lomwe simunalimvetse. Malume kapena amene akuyendetsa zovutazo anene mwaulemu kuti za mapepala tikambirana mwambo ukatha.

Sungani lipoti la apolisi, mapepala onse a kuchipatala, malisiti, tikiti ya sitima ngati analimo, ndi maina a omwe anaona. Kajambuleni malowo msanga, chikwangwani ngati chilipo kapena palibe, udzu mmene unalili, chifukwa pakatha sabata pamatha kusintha. Ngati anali wantchito ndipo wavulala ali pa ntchito, lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limamupatsa ufulu wolandira chipukuta misozi ndipo nkhaniyo imadzera ku ofesi ya zantchito. Ngati anali wokwera kapena wodutsa, khoti limaona ngati panali kunyozera, ndipo limatha kugawa kulakwa, kunena kuti uyu analakwa mbali yakuti, kampani mbali yakuti. Ndiye musagwe ulesi chifukwa choti anthu akuti analakwa yekha. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Musachedwe, milandu yotere ili ndi malire a nthawi yokasumira.

Ku mbali ya kampani, chilungamo ndi kuuza banja zoona za mmene zinachitikira, osadikira kuti akukokereni ku khoti zaka zisanu mwana wamasiye atasiya kale sukulu.

Mvula ikakokolola njanji, pamenepo palinso wolakwa? Si za chilengedwe?

Mvula palibe angailetse. Madzi anadula njanji ku Chiromo mu 1997 ndipo sitima inasiya kufika ku Bangula ndi ku Nsanje, mlatho wa Rivirivi ku Balaka unakokoloka mu 2003, ndipo tonse tikukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, matope akutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Koma poti tikudziwa kuti dzinja lililonse madzi amabwera, udindo uli pa kukonzeka. Ngalande ndi makalavati a pansi pa njanji azichotsedwa zinyalala mvula isanayambe, ndipo kukagwa chimvula usiku munthu ayende kaye pa njanjiyo sitima isanadutse, chifukwa madzi amatha kudya dothi la pansi zitsulo n'kutsala zili m'malere, pamwamba zikuoneka bwinobwino. Ife amene timataya zinyalala mu ngalande ndi kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa njanji tikuthandizira kugumukako.

Nthawi ya mavuto ndi pomwe chiyeso chimakula. Ku Cameroon mu Okutobala 2016 msewu waukulu wa pakati pa Yaoundé ndi Douala unaduka ndi mvula, anthu onse anakhamukira ku sitima, ndipo kampani inawonjezera mabogi 8 kuti onse akwere. Sitimayo inagwa ku Eséka, anthu 79 anafa, ndipo mu 2018 khoti linapeza kampani ya Camrail yolakwa. Kubweza anthu pa siteshoni kukanawakwiyitsa, koma bwenzi ali moyo.

Woyendetsa sitima amene wagunda munthu, iye zimamuthera bwanji?

Ameneyu timamuiwala. Amaona zonse ndi maso ake, waliza hutala, wamanga mabuleki, ndipo akudziwa kuti siima. Ena amasowa tulo miyezi, ena amayamba kumwa, ena akafika pamalo pomwepo manja amanjenjemera. Pena anthu okwiya amafuna kumugenda pomwe palibe chomwe akanachita. Kumubweza pa injini mawa lake ngati palibe chachitika ndi nkhanza kwa iye komanso ndi kuika ena pa chiopsezo. Apatsidwe masiku opuma ndi munthu wa uphungu wokamba naye. Ndipo poti ena amapita pa njanji dala chifukwa cha mavuto a mumtima, mukaona munthu wakhala yekha pa njanji nthawi yaitali, osasuntha, akuoneka wosweka mtima, mufikeni modekha, mulankhuleni, muchoke naye pamenepo ndipo musamusiye yekha mpaka abale ake kapena achipatala atamulandira.

Timamva kuti "tikufufuza", kenako zii. Tili ndi ufulu wodziwa zotsatira?

Eya. Kafukufuku amene wathera mu kabati sanapulumutse munthu aliyense. Cholinga chake chenicheni ndi choti zomwezo zisachitikenso, ndiye madalaivala ena, mafumu a m'mbali mwa njanji, abale a omwalira, onse ayenera kumva chomwe chinalakwika ndi chomwe chasinthidwa. Komanso kampani isamadzifufuze yokha basi, pazikhala ena oima paokha. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo limalola nzika kupempha uthenga ku maofesi a boma. Lembani kalata ku unduna wa zamtengatenga, tchulani tsiku ndi malo a ngoziyo, pemphani lipoti lake, ndipo kope ina mupatse khansala ndi phungu wa dera lanu. Akapanda kuyankha lembaninso, ndipo ulendo uno musaine anthu ambiri a m'deralo pamodzi ndi amfumu.